Mayunifolomu Awiri

Lachisanu madzulo ndimavula yoyera,
ya chipatala cha boma muno mu Harare,
ndi kuipachika pa msomali kuseri kwa chitseko.
Yobiriwira ili kale m'chikwama, yositidwa,
pansi pa mabanzi awiri ndi fulasiki ya tiyi.

Pa Mbare mabasi akupuma utsi.
Kondakitala wa dzino loguluka uja amandidziwa:
“Sisita, wa pazenera womwe uja?”
Sindinamuuzepo kuti pazenera sindionapo kanthu.
Norton, Chegutu, Kadoma, Kwekwe,
ndimangowerenga matauni mumdima
monga ndiwerengera mtima wa wodwala,
zala ziwiri pa mkono wanga womwe.
Pofika ku Gweru mapazi atupa, nsapato ndavula.
Bulawayo amandilandira ndi chisanu.

Mkulu wanga Esinala akuti ndapenga.
Mapanga awiri avumbwitsa, amatero pa foni,
uku akutafuna china chake.
Ndimamusiya amalize.
Iye anali kale kubanja tsiku lija,
ine ndinalipo.

Bambo anachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi.
Zaka makumi atatu ndi zinayi pa njanji,
mafuta akuda osachoka m'zikhadabo
ngakhale Lamulungu.
Penshoni inadzatuluka chaka cha ndalama za maziro ambirimbiri.
Anavala jekete la paukwati, anapesa,
nakaima pamzere wa kubanki kuyambira tambala woyamba.
Anabwerera ku Rugare dzuwa litapendeka
ndi buledi mmodzi, sopo,
ndi chenje chomwe kondakitala anachikana.
Buledi anamudula okha, mofanana bwinobwino,
natigawira.
Sanalankhule mpaka Lachiwiri.

Ndiye Esinala, panga limodzi lija
ndi lomwe linagwera bambo.

Kuseri kwa pepala la mankhwala ndimachita masamu:
kuno amadula zakuti, uko amadula zakuti,
zatsala zaka zisanu ndi ziwiri.
Mbiya ina ikadzabooka, inayo mwina idzasunga madzi.
Mwina.
Mawu amenewo sindiwalemba papepala.

Zina masamu sazigwira.
Rumbidzai analandira mphotho kusukulu Loweruka,
ndinamuombera m'manja pa chithunzi cha pafoni
ndili m'chipinda chotsukira mabeseni, magulovu ali kumanja.
Tsiku lina ndinapatsa moni wa Chindebele
mayi wa ku Mufakose,
nandiyang'ana ngati wodwala ndine.
Tsiku linanso ndinadzidzimuka pa benchi,
osadziwa mzinda womwe ndili
mpaka nditayang'ana mtundu wa nsalu pachifuwa panga.
Makina a BP ndimadzimanga ndekha anzanga akapita kokadya.
Nambala yake ndimaidziwa ine ndi Mulungu.

Lolemba kusanache basi imanditula pa Mbare pomwepo.
Amayi a tomato akutsitsa mabokosi,
ngolo zikulimbirana njira.
Ndimasukusula ndi madzi a m'botolo pambali pa msewu.
Mwezi uno jakaranda wathothoka,
maluwa ake akumata ku nsapato
ndipo ndimalowa nawo mpaka mu wodi.

Pa bedi la khumi ndi chinayi pali a Mutandwa,
mphunzitsi wopuma, shuga anawadya mwendo.
Ana awo amatumiza ndalama kuchokera kunja, ikakhalapo.
M'mawa uno ndikuwasintha bandeji anandifunsa,
“Sisita Kamwendo, mukadzapuma mudzatani?”
Ndinati ndidzagona.
Bedi limodzi, mzinda umodzi, wotchi ili m'kabati.
Anaseka mpaka kutsokomola.
“Nanenso ndinkatero,” anati,
“onani, ndagona.”

Ndinamata pulasitala, ndinawakonzera pilo,
ndinalemba nthawi pa khadi lawo.
Pa mzere wa dzina la chipatala
cholembera chinaima kaye m'mwamba.
Ndinayang'ana pachifuwa.
Yoyera.